Kuwerenga zilembo za bakiteriya wodwalitsa malalanje

Lolemba

Ndagula kope latsopano loti ndizilembamo zimene ndikuphunzira za matenda ena a mitengo ya malalanje, manachesi ndi mandimu. Sayansi ndinasiyana nayo ku sekondale, ndiye ngati inunso muli ngati ine, tiyeni tiyendere limodzi pang'onopang'ono. Chandikoka ndi munda wa amalume ku Mwanza, kumene manachesi ndiwo amalipirira ana sukulu. Nditamva kuti kuli matenda amene agwetsa ulimi wa malalanje m'maiko olemera, ndinafuna kuwadziwa bwinobwino, osati kungomva za m'maluwa.

Dzina lake ndi huanglongbing, mwachidule HLB, koma alimi ambiri amangoti greening. Amayamba ndi bakiteriya amene amakhala m'timitsempha ta mtengo tonyamula chakudya kuchokera m'masamba kupita ku mizu ndi ku zipatso. Timitsempha timeneti akatswiri amati phloem. Tikatsekeka, masamba amachita mawanga achikasu, mizu imafooka, zipatso zimakhala zazing'ono, zopendekera mbali imodzi, zowawa, njere zake zofota, ndipo zambiri zimayoyoka zisanapse. Zina zimapsa cha ku kapesi kokha, kumunsi n'kukhalabe kobiriwira. Bakiteriyayu sayenda yekha. Amanyamulidwa ndi kachilombo kouluka kotchedwa psyllid, kotalika mamilimita 3 kapena 4, kamene kamayamwa madzi a m'nsonga zanthete. Njira ina ndi yathu anthu, tikamezanitsa mbande ndi kanthambi kochokera ku mtengo wodwala.

Chandiimitsa mutu ndi nkhani ya ku Florida, ku America. Kachilomboka kanapezeka kumeneko mu 1998, matenda n'kupezeka mu 2005. M'nyengo ya 2003 mpaka 2004 alimi a kumeneko anakolola mabokosi 242 miliyoni a malalanje. Pofika nyengo ya 2022 mpaka 2023 sanakwanitse ngakhale 16 miliyoni. Mphepo zamkuntho zinaonongako ndithu, koma mdani wamkulu ndi HLB. Amenewa ndi alimi okhala ndi mathirakitala, mankhwala ndi mayunivesite pakhomo, koma mtengo ukangogwidwa, mankhwala ouchiritsiratu palibe.

Lachitatu

Ndinathyola masamba achikasu pa mtengo wa mandimu wa kuseri kwa nyumba, mtima uli m'mwamba, n'kuwajambula pa foni kutumizira mng'ono wanga amene anaphunzira zaulimi. Yankho lake linali lalifupi: "Achimwene, pindani tsambalo potsata mtsempha wapakati, muone ngati mbali ziwirizo zikufanana." Ndinapinda. Chikasu cha kumanja chinagwera ndendende pa chikasu cha kumanzere. Anati kumeneko n'kuperewera kwa michere ya m'nthaka, makamaka zinki. Tsamba la greening mawanga ake amakhala osokonekera: mbali iyi pachikasu, mbali inayo pamalo omwewo pobiriwira.

Ndaphunziranso kuti tsamba lodwala limadzaza sitachi, chifukwa shuga amene lapanga amasowa potulukira, ndiye limakhuthala n'kuuma gwa. Koma maso okha sangagamule mlanduwu. Mtengo ukhoza kusunga bakiteriya miyezi yambiri, ngakhale kupitirira chaka, usanaonetse chizindikiro, ndiponso bakiteriyayo safalikira mofanana m'mtengo wonse: nthambi iyi alimo, iyo mulibe. Chigamulo chimachokera ku labotale, kumene amadula mtsempha wapakati wa tsamba n'kuupima ndi njira yotchedwa PCR. Njirayi imasankha kachidutswa ka DNA n'kukachulukitsa kambirimbiri mpaka kafike poti n'kuoneka.

Chinthu chimodzi ndachizindikira ndekha lero, ndipo ndasangalala nacho. Masamba ena anthete anali ndi tizotupa pamwamba, kunsi kwake kuli timaenje. M'timaenje timeneti ndimo mumakulira ana a psyllid wa kuno ku Africa. Kukhala ndi kachilomboka sikutanthauza kuti mtengo wadwala, koma wonyamula matenda ndiye ameneyo.

Lachisanu

Ndinkaganiza kuti matenda amodzi ndiye kuti bakiteriya mmodzi. Alipo atatu. Wa ku Asia ndi Candidatus Liberibacter asiaticus, wa kuno ndi Candidatus Liberibacter africanus, ndipo wachitatu, americanus, anapezeka ku São Paulo ku Brazil matendawa atabuka kumeneko mu 2004. Mawu oyambawo, Candidatus, amaikidwa pa bakiteriya amene akatswiri amudziwa kudzera mu DNA yake koma sanathe kumuweta payekha m'mbale za mu labotale. Apa ndi pamene ndamvetsa chifukwa chake nkhani yonseyi imatsamira pa DNA. Mabakiteriya ena umawaweta, n'kuwaona mmene akukulira, n'kuwayesa mankhwala. Uyu amakana kukhala kwina kulikonse kupatula m'mtengo ndi m'thupi la psyllid.

Onyamula nawonso ndi awiri: Diaphorina citri wa ku Asia ndi Trioza erytreae wa ku Africa. Kusiyana kwakukulu kuli pa kutentha. Bakiteriya wa ku Africa ndi psyllid wake amakonda malo okwera ndi ozizira, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 30 kwa nthawi yaitali zizindikiro zimazilala. Wa ku Asia kutentha sakuopa, amadwalitsabe ngakhale pa madigiri 35. Ku Brazil, americanus ndiye anali wochuluka poyamba, koma m'zaka zochepa asiaticus anamulanda malo.

Mbiri yake ndaikonda chifukwa ikuonetsa kuti akatswiri nawonso anayenda mopapasa. Ku South Africa matendawa anaoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo kwa nthawi yaitali ambiri ankaloza nthaka. Mu 1956 Lin Kung Hsiang wa ku China anasonyeza kuti matendawa amasamuka ukamezanitsa, kutanthauza kuti ndi opatsirana. Mu 1965 McClean ndi Oberholzer anasonyeza kuti Trioza erytreae amawanyamula. Mu 1970 Laflèche ndi Bové ku France anaona tizamoyo m'timitsempha tija pogwiritsa ntchito maikulosikopu yamphamvu, ndipo mu 1994 gulu la Bové ku Bordeaux linawerenga kachigawo ka DNA n'kudziwa banja la bakiteriyayu.

Lamlungu

Lero linali tsiku la DNA. Ndinkaiopa, koma mfundo yake ndi yosavuta. DNA ndi ulusi wautali wosunga malangizo a chamoyo, ndipo akatswiri amaulemba ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Kachigawo ka ulusiwo kokhala ndi malangizo a ntchito imodzi ndiko jini. Ulusi wonse pamodzi amautcha genome.

Genome ya asiaticus inawerengedwa yonse koyamba mu 2009 ndi Yongping Duan ndi anzake ku Florida. Popeza bakiteriyayu saweteka, anatenga psyllid mmodzi amene anali wodzaza ndi mabakiteriya, n'kuwerenga DNA yonse ya m'thupi mwake, kenako n'kupatula ya bakiteriyayo. Anamutcha psy62. Zilembo zake ndi pafupifupi 1.23 miliyoni, pamene bakiteriya wina wotchuka, E. coli, ali ndi pafupifupi 4.6 miliyoni. Kuchepaku kuli ndi tanthauzo: majini ambiri odzipangira zofunika m'thupi anawataya kalekale, ndipo amadalira kutapa zopangidwa kale m'mtengo kapena m'kachilombo.

Chondisangalatsa n'chakuti zilembo zonsezi zili pa intaneti mwaulere, m'nkhokwe yotchedwa GenBank ya bungwe la NCBI ku America. Ndinalemba dzina la bakiteriyayu ndi psy62 m'kabokosi kofufuzira, n'kusankha mtundu wa failo wotchedwa FASTA. Failoyo ndi yaing'ono kuposa zithunzi zambiri za pa foni, moti bandulo sinamve n'komwe. Nditaitsegula, laputopu yonse inadzaza A, C, G, T mpaka pansi.

Lachiwiri

Funso langa lenileni ndi ili: kodi asiaticus wa ku China, wa ku India ndi wa ku Florida ndi wofanana ndendende? Pa tsamba lomwelo la NCBI pali chida chotchedwa BLAST. Umaikamo mzere wa zilembo, icho n'kukufunira mizere yofanana nawo m'nkhokwe yonse. Ndinaika jini yotchedwa 16S, chifukwa ndinawerenga kuti ndiyo imagwiritsidwa ntchito pozindikira mabakiteriya. Zotsatira zinabwera zambirimbiri, za m'maiko osiyanasiyana, pafupifupi zonse zofanana 100 pa 100 kapena kutsala pang'ono. Ndinalemba m'kope kuti palibe kusiyana.

Mng'ono wanga anandibweza. Jini ya 16S ndi mbali ya makina opangira mapuloteni m'selo, ntchito yosalola kusinthasintha, ndiye zilembo zake zimasintha mochedwa kwambiri. Imathandiza kusiyanitsa asiaticus ndi africanus, koma mkati mwa asiaticus mwenimwenimo siona kanthu. Zili ngati kufunsa munthu chiwongo. Akakuuzani kuti ndi a Phiri mwadziwapo kanthu, koma simunadziwe ngati kwawo ndi ku Dedza, ku Kasungu kapena ku Chipata. Kuti udziwe kumene bakiteriya wachokera, uyenera kuyang'ana malo a DNA amene amasintha msanga.

Lachinayi

Malo osintha msangawo ndawapeza. Pa ulusi wa DNA pamakhala malo pamene kagulu ka zilembo kamabwerezedwa motsatizana. Selo ikamakopera DNA yake pogawikana, pamalo otere makina okoperawo amaterereka, n'kuwonjezera kagulu kamodzi kapena kudumpha kamodzi. Ndiye pakapita mibadwo, mabakiteriya a dera lina amakhala ndi kaguluko kasanu, a dera lina kasanu ndi kawiri. Ungowerenga basi.

Mu 2010 Jianchi Chen ndi anzake anachita zimenezi pamalo otchedwa CLIBASIA_01645, pamene kagulu kobwerezedwa ndi AGACACA. Mwa mabakiteriya a ku Guangdong ku China, ochuluka anali ndi kaguluka maulendo 7. A ku Florida ambiri zedi anali nako maulendo 5. Mtundu ndi umodzi, koma magulu ndi awiri.

Ndinafuna kudzionera ndekha mu failo ya psy62, ndipo apa ndinakhalitsa. Nditafufuza AGACACA, kompyuta inandionetsa malo ambiri omwazikana. Masamu ake ndi awa: zilembo zinayi zikhoza kusanjidwa m'malo 7 m'njira 16,384, ndiye m'zilembo 1.23 miliyoni kagulu kotere kakhoza kupezeka mwangozi maulendo pafupifupi 75. Chofunika n'kufufuza kaguluko kawiri motsatizana, AGACACAAGACACA, chifukwa zotere sizichitika mwangozi kawirikawiri.

Pali misampha ina iwiri imene ndikufuna muidziwiretu. Failo ya FASTA imadula zilembo m'mizere ifupiifupi, ndipo kagulu kakaduka pakati pa mizere iwiri, chofufuzira sichikaona. Muyenera kulumikiza mizere yonse ikhale umodzi. Winawo ndi wakuti DNA ili ndi maulusi awiri oyang'anizana, A amagwirana ndi T, C amagwirana ndi G, ndipo ulusi wachiwiriwo umawerengedwa chobwerera. Failo imalemba umodzi wokha. Choncho AGACACA akhoza kuoneka ngati TGTGTCT, ndipo muyenera kufufuza zonse ziwiri. Ndinatenga pensulo, n'kulemba zilembo zogwirana nazo kunsi kwake, TCTGTGT, kenako n'kuziwerenga kuchokera kumanja. Zinatuluka ndendende. Nditakonza zonsezi malo aja anaoneka, timagulu titandandalika motsatizana, ndipo ndinatiwerenga ndi chala pa galasi la laputopu. Palibe chimene ndinagwiritsa ntchito choposa kuwerenga ndi kuwerengera kwa ku pulayimale.

Loweruka

Malo amodzi sakwanira, ndiye akatswiri amaphatikiza angapo. Mu 2012 Islam, Hong Lin ndi anzawo anawerenga malo 7 otere m'zitsanzo 287 zochokera ku Asia, ku Brazil ndi ku Florida. Anapeza magulu akuluakulu atatu. A ku India anaima paokha. A kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia anagwera pamodzi ndi a ku Brazil. A ku Florida ambiri anali gulu lawolawo, koma ena ochepa anagwera ku gulu la Asia ndi Brazil lija, zimene zikuloza kuti bakiteriya analowa ku Florida koposa kamodzi.

Kenako ndinakumana ndi mawu akuti prophage, ndipo ndinayenera kuwerenga mofatsa. Mabakiteriya nawonso amagwidwa ndi mavairasi. Kavairasi kena kakalowa sikapha bakiteriya nthawi yomweyo, kamasokerera DNA yake mu ulusi wa bakiteriyayo n'kukhala phee, n'kumakoperedwa limodzi naye ku mibadwo yotsatira. Kavairasi kogona kotere ndiko prophage. Mu 2011 anapeza tiwiri mwa asiaticus wa ku Florida, SC1 ndi SC2, ndipo pambuyo pake kachitatu kanapezeka ku China. Bakiteriya wina amakhala ndi kamodzi, wina tiwiri, ndipo wina wa pa chilumba cha Ishigaki ku Japan, wotchedwa Ishi-1, analibe SC1 ngakhale SC2. Kusiyana kwakukulu pakati pa magulu a asiaticus kumapezeka m'zigawo zimenezi. Ku China komweko, ku Guangdong kumachuluka mtundu wachiwiri, pamene ku mapiri a Yunnan kumachuluka woyamba.

Ntchito yake yaoneka ku California. Mtengo woyamba wodwala unapezeka mu 2012 ku Hacienda Heights, pafupi ndi Los Angeles, osati m'munda waukulu koma pakhomo pa munthu, ndipo unali womezanitsa. Atawerenga DNA ya mabakiteriya a m'madera osiyanasiyana a kumeneko, anapeza kuti ma prophage ake ndi osiyana, ndiponso kuti akuyandikira kwambiri a ku Asia kuposa a ku Florida. Ndiye kuti khomo lolowera silinali limodzi. Boma likadziwa zimenezi limadziwa koika alonda.

Lachitatu lotsatira

Lero ndafika pa nkhani ya kwathu kuno, ndipo ndi gawo limene landigwira mtima koposa. Greening wa mtundu wa africanus analembedwa kale m'maiko ambiri a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, Malawi ndi Zimbabwe ali m'gulumo. Koma africanus nayenso si mmodzi. Ku South Africa akatswiri anakayang'ana m'mitengo yam'tchire ya banja limodzi ndi malalanje, n'kupezamo abale ake. Woyamba, capensis, anapezeka mu mtengo wa Calodendrum capense ndipo analengezedwa mu 2000. Kenako Ronel Roberts, Gerhard Pietersen ndi anzawo anapeza ena m'mitengo ya Clausena, Vepris, Zanthoxylum ndi Teclea, aliyense n'kutchedwa dzina la mtengo wake. Zikuoneka kuti banja limeneli ndi lakale m'nkhalango za kuno, pamene malalanje ndi alendo ochokera ku Asia.

Tsono tamvani chimene chinachitika. Cha m'ma 2015 ndi 2016 panatuluka malipoti akuti asiaticus wapezeka ku Uganda ndi ku Tanzania. Inali nkhani yoopsa. Roberts ndi anzake, pamodzi ndi akatswiri a ku Kenya ndi ku Tanzania, anatenga masamba m'maiko a Uganda, Kenya ndi Tanzania n'kuwapimanso. Chipimo cha PCR chofala kwambiri, chodalira jini ya 16S ija, chinkavomera kuti ndi asiaticus. Koma atawerenga majini ena osintha msangako, omp ndi rplJ, zinadziwika kuti anali clausenae, m'bale wa africanus wa m'mitengo ya Clausena, amene analowa m'malalanje. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2017. Chipimocho chinapangidwa anthu asanadziwe kuti clausenae alipo, ndiye chinasokoneza awiriwo.

Kwa ine apa ndi pamene pali phindu lonse la kuphunzira kusiyana kwa majini. Kulakwitsa dzina la bakiteriya kukhoza kuchititsa dziko kudula mitengo ndi kutsekeredwa misika popanda chifukwa, kapena kukhala chete pamene mdani weniweni walowa. Ndipo mdaniyo akuyandikiradi. Asiaticus weniweni anatsimikizika ku Ethiopia mu 2010 ndi ku gombe la Kenya mu 2020. Psyllid wa ku Asia uja analengezedwa ku Tanzania mu 2016, kenako ku Kenya ndi ku Zanzibar. Tanzania ndi mnansi wathu, katundu amaoloka pa Songwe tsiku lililonse. Madera athu otentha, a m'mbali mwa nyanja ndi a ku chigwa cha Shire, amene africanus sawakonda, asiaticus ndi psyllid wake sangawaope. Chinanso, akatswiri anasonyeza kuti Trioza wathuyu amatha kunyamula asiaticus.

Ndikuona kuti dziko lolima zipatso za mtunduwu liyenera kukhala ndi zitsanzo zakezake zowerengedwa DNA ndi kusungidwa, kuti gulu lachilendo likadzafika lidzadziwike msanga. Kwa ife a mitengo yochepa pakhomo, gawo lathu ndi la mbande. Kanthambi kokoma kochokera kwa mnzako wa kutali kakhoza kuoneka kabwinobwino kali ndi bakiteriya mkati. M'maiko amene alimbana ndi matendawa, mbande amazilerera m'nyumba zotchingidwa ndi neti yothina kuti psyllid asalowe, amapopera nthawi imene mitengo ikuphuka nsonga zatsopano, ndipo mtengo wodwala amauzula. Pogula mbande tizifunsa a ku nazale kumene anatenga timanthambi tomezanitsira, ndipo tikaona mawanga osokonekera aja tiziitana alangizi.

Lachisanu

Mng'ono wanga wanditumizira chithunzi cha mmene zotsatira za PCR zimaonekera, akuti ndiyese kuchiwerenga. Tizidutswa ta DNA tikachulukitsidwa, amatithira m'timaenje ta kumapeto kwa kachigubudu kofewa kotchedwa gel, n'kulumikiza magetsi. DNA imakokedwa kupita mbali inayo, tizidutswa tatifupi n'kuyenda msanga kuposa tatitali. Pambali amaikapo mzere wa tizidutswa todziwika kale utali wake kuti ukhale muyeso.

Chipimo cha pachithunzipo chimagwiritsa ntchito tizingwe tiwiri ta DNA totchedwa A2 ndi J5, timene timagwira kumayambiriro ndi kumapeto kwa chigawo chofunika kukopera. Chinapangidwa ku Bordeaux mu 1999. Ngati m'tsambamo muli asiaticus, kachidutswa kamatuluka ka zilembo 703. Ngati muli africanus, kamatuluka ka zilembo 669. Kusiyana kwake ndi zilembo 34 zokha, ndiye timizere tiwirito timakhala moyandikana kwambiri. Poyamba ndinaloza kamzere ka pamwamba kuti ndiko kakafupi, koma nditakumbukira kuti timaenje tili kumtunda ndipo kakafupi kamafika patali, ndinatembenuza yankho. Ndinalemba kuti kamzere kotsika pang'onoko ndi africanus, enawo ndi asiaticus. Anandiyankha kuti, "Mwakhoza, achimwene."

Chotsatira ndi jini ya omp. Ndatsitsa kale mzere wa africanus wamba ndi wa clausenae, ndipo mawa ndiiyala pamodzi kuti ndione zilembo zimene ikusiyanirana.